Mlandu wa Malonjezo a pa Nyuwere

Usiku wa pa 31 Disembala, dzuwa litalowa ndipo mitambo ya dzinja itaphimba nyenyezi, anthu a m'dziko muno amagawikana panjira ziwiri. Ena amanyamula Baibulo ndi buku la nyimbo napita ku mapemphero ochezera, kuti chaka chatsopano chikawapeze atagwada m'nyumba ya Mulungu. Ena amalunjika kumene kukulira ng'oma ndi zoimbira, kuti chakacho chikawapeze chikho chili m'manja. Koma ngakhale njira zawo zili zosiyana chotero, ikakwana 12 koloko, mabelu nalira, ana nayamba kuomba zitini ndi kufuula m'makwalala, onsewa amalankhula chinenero chimodzi, ndicho chinenero cha malonjezo. Uyu akuti chaka chino aleka mowa, uyo akuti afolera nyumba yake ndi malata, mayi wina akuti sapondanso pakhomo pa munthu wa katapila, mnyamata wina akuti abwerera kukalembanso mayeso a Fomu 4 amene anamugwetsa. Ndipo aliyense amanena zimenezi ndi mtima woona, pakuti pa ola limenelo palibe amene amadziyesa wabodza.

Mwambo umenewu wautsa mtsutso pakati pa anthu oganiza bwino, ena nautama kuti ndiwo chiwongolero cha moyo, ena naunyoza kuti ndi masewera a anthu akuluakulu. Ine ndafuna kuutula pabwalo monga amachitira akuluakulu a milandu, kuti mbali iliyonse ilankhule kufikira mawu ataithera, popeza mfumu yoweruza itamva pakamwa pamodzi ndiyo imapasula mudzi wake.

Koma eni mlandu asanayambe kulankhula, nkoyenera tifunse kumene tsikuli linachokera. Makolo athu ankazindikira nyengo poyang'ana mwezi, mvula ndi ntchito za kumunda: pogwa chizimalupsa ankadziwa kuti nthawi ya makasu yayandikira, ndipo pouma mapesi ankadziwa kuti masika afika. Tsiku la 1 Januwale ndi la Aroma. Mweziwo anautcha dzina la Janus, mulungu wawo wa makomo ndi zipata, amene ankamusema ndi nkhope ziwiri, ina yoyang'ana kumbuyo, ina kutsogolo. Kuyambira chaka cha 153 Khristu asanabadwe, akuluakulu awiri olamulira mzinda wa Roma ankalowa ntchito pa tsiku limeneli, ndipo Julius Caesar analisunga kukhala mutu wa chaka pamene kalendala yake inayamba kugwira ntchito mu 45 Khristu asanabadwe. Chodabwitsa n'chakuti Angerezi, amene anadza nayo kalendala kuno kwathu, iwo eni anachedwa kulilandira tsikuli, pakuti kufikira mu 1752 malamulo a ku England ankayamba chaka pa 25 Malichi. Tsono tsiku limene timaliyesa lokhazikika ngati phiri la Mulanje ndi tsiku loikidwa ndi anthu, ndipo anthu akhala akulisuntha.

Apa ndi pamene otsutsa amayambira, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolemera kuposa zonse. Iwo akuti, kumaiko kumene mwambowu unakulira, Januwale ndi mwezi wa chisanu, minda ili chigonere, zokolola zili m'nyumba, munthu ali ndi mpata wokhala pansi pafupi ndi moto ndi kusinkhasinkha za moyo wake. Koma kwathu kuno Januwale ndiye pakati penipeni pa nkhondo. Nkhokwe zambiri zapepuka kapena zatheratu, chimanga cha kumunda sichinafike pokazinga, udzu ukupikisana ndi mbewu, feteleza wobereketsa akufunika msanga mvula isanakokolole nthaka, teremu yachiwiri ikutsegulidwa ndipo sukulu zikufuna fizi, malungo ali pachimake chifukwa cha madzi odikha, ndipo ndalama zochepa zimene zinalipo zinathera pa mpunga, nkhuku ndi zovala za Khirisimasi. Kodi munthu amene wadzuka mbandakucha kukagwira ganyu m'munda mwa mnzake kuti apeze ufa wa tsiku limenelo, munda wake womwe nautsalira m'thengo, mungamuuze kuti alembe papepala zimene adzakhale atachita pofika Disembala? Iye cholinga chake ndi chimodzi, ndicho kufika pa dowe ana onse ali moyo, ndipo chimenecho sachita kulumbira pakati pa usiku.

Otsutsawo amawonjeza umboni umene sanaupeze kumudzi. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London anatsata anthu 96 amene ankayesa kuzolowera khalidwe latsopano, napeza kuti pamafunika masiku ngati 66 kuti chinthu chilowe m'magazi, ngakhale kuti ena anazolowera pa masiku 18 okha, ndipo kwa ena kunaoneka kuti pangapite masiku 254. Werengani masiku 66 kuchokera pa 1 Januwale, mufika sabata yoyamba ya Malichi. Ndiye kuti nyengo yonse imene lonjezo lili lanthete, losowa kulilera ngati khanda, ikugwera m'miyezi imene thumba ndi mimba zili pa mayesero aakulu. Wobzala mtengo m'chilimwe asadandaule ukauma, pakuti cholakwa si mtengo, koma nyengo.

Mfundo yawo yachiwiri ndi yakuti chakudza sichiyimba ng'oma. Anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amene anakonza zolinga zawo pa Nyuwere ya 2015 anaona madzi osefukira akutenga nyumba, ziweto ndi minda mwezi womwewo usanafike pakati. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo amisiri owotcherera zitsulo, ometa ndi a zigayo, amene ntchito yawo imadalira magetsi, anakhala miyezi yambiri akuwerenga maola a mdima m'malo mwa phindu. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche pamwamba pa anthu a ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mu Novembala chaka chomwecho ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti amene anasunga mokhulupirika miyezi khumi kuti agule malata anapeza ndalama zake zikugula ochepa kuposa amene anawerengera. Nanga munthu ameneyu analakwa chiyani? Sanaphwanye lonjezo lake, koma dziko ndilo linamuphwanyira. Otsutsawo amakumbutsa kuti mtumwi Yakobo anadzudzula amalonda amene ankapangana za mzinda umene akakhaleko chaka chathunthu ndi phindu limene akapeze, osadziwa ngakhale za mawa. Ndiponso kuti m'fanizo la mwini chuma wopusa, munthu uja anaitanidwa usiku womwewo umene anatsiriza kulinganiza za nkhokwe zake zazikulu.

Pali chachitatu, chimene sichioneka ndi maso, koma otsutsa akuti ndicho chowononga koposa. Lonjezo si chinthu chopepuka. Akale anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, pokumbukira Herode amene analumbira pa phwando, mtima uli m'mwamba, nachita manyazi kubweza mawu pamaso pa alendo ake. Ndipo Yefita naye anawinda mofulumira, chowinda chake nichigwera mwana wake mmodzi yekhayo. Buku la Mlaliki limalangiza kuti kusawinda konse kuli bwino kuposa kuwinda osachita. Munthu amene chaka ndi chaka amalumbira kuti aleka fodya, nasuta pa 10 Januwale, samangobwerera pamene anali, koma amatsikirapo pang'ono, chifukwa waphunzitsa mtima wake kuti mawu ake alibe kulemera. Ndipo amene wazolowera kudzinamiza yekha sachedwa kunamiza mkazi wake, mnansi wake ndi womukongoza. Richard Wiseman wa ku Britain anatsata anthu pafupifupi 3,000 m'chaka cha 2007, ndipo ngakhale kuti oposa theka anayamba ali otsimikiza kuti apambana, amene anakwaniritsa anali 12 okha pa 100 alionse. Mwambo umene umagwetsa anthu 88 pa 100, akutero otsutsa, ukanakhala mlatho boma likanautseka.

Pamenepa ndiyenera kuvomera kuti ine ndemwe ndili m'gulu la ogwawo. M'bokosi langa muli kabuku kamene tsamba lake loyamba ndinalembapo zinthu khumi ndi ziwiri pa Nyuwere ina, kuyambira kudzuka tambala woyamba kufikira kuphunzira Chipwitikizi, ndipo malume anga, amene sanapite patali ndi sukulu koma maso awo ndi akuthwa, atandipeza ndikulemba anangofunsa kuti, "Kodi mphwanga, zonsezi uchita ndiwe wekha, kapena walemba aganyu?" Ndinaseka tsiku limenelo, koma pofika Febuluwale kabukuko kanali katasanduka kolembamo ngongole za kugolosale. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Tsono tiwapatse bwalo ovomereza mwambowu, pakuti nawonso sanabwere chimanjamanja.

Iwo akuyamba ndi mlimi yemweyo amene otsutsa anamuimika ngati mboni yawo, nati palibe munthu m'dziko muno wodziikira zolinga kuposa iye. Ndani amasankha ngala zabwino pa nthawi yokolola, nazipachika pamwamba pa moto kuti zifukizidwe ndi utsi, nakana kuzikazinga ngakhale ana akulira ndi njala, chifukwa chakuti ndi mbewu? Ndani amasosa ndi kugalauza mu Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, pokhulupirira mvula imene sanaione? Iye akudziwa bwino kuti ng'amba ingadze, kapena mbozi, kapena madzi osefukira, komabe salekera pamenepo kulima, popeza akudziwanso kuti wolima akhoza kukolola kapena kulephera, koma wosalima mapeto ake ndi amodzi okha. Kugona pakati n'kuyambirira. Ndipo za Malembo, ovomereza akuti otsutsa awerenga tsamba limodzi nasiya linzake: Yakobo sanaletse kulinganiza, koma analetsa kudzitama, nalangiza kuti polinganiza munthu azivomereza kuti zonse zili m'manja mwa Ambuye, Yosefe anapulumutsa Aigupto chifukwa anaika limodzi la magawo asanu a zokolola m'nkhokwe pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu zochuluka, ndipo Ambuye Yesu mwini anafanizira wophunzira wake ndi munthu wofuna kumanga nsanja, amene amayamba wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake, kuti angasekedwe atalekeza pa maziko.

Pa nkhani ya chiwerengero cha ogwa, ovomereza ali ndi yankho limene, kunena zoona, linandisunthira mtima pamene ndinalimva koyamba. Iwo akuti funso loyenera si lakuti ndi angati mwa olonjeza amene amagwa, koma lakuti ndi angati mwa osalonjeza amene amaimirira. John Norcross ndi anzake a ku yunivesite ya Scranton ku America anafalitsa mu 2002 zimene anapeza atayerekeza magulu awiri a anthu amene onse ankafuna kusintha kanthu pa moyo wawo, gulu lina litachita lonjezo pa Nyuwere, linalo likungolakalaka osalonjeza. Patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa olonjeza aja 46 pa 100 alionse anali akusungabe chimene anayamba, pamene mwa olakalaka chabe aja opambana anali 4 okha pa 100. Mlatho uja tsono, ngakhale ugwetse ambiri, ukuolotsa anthu ochuluka kakhumi kuposa amene akuoloka posambira. Ndipo ku Sweden, Per Carlbring ndi anzake anatsata anthu 1,066 chaka chathunthu, nafalitsa mu 2020 kuti oposa theka la amene anayankha pakutha pa chakacho anadziona kuti apambana. Anapezanso kuti olonjeza kuyamba chinthu chabwino ankapambana kawirikawiri kuposa olonjeza kuleka choipa, 59 pa 100 poyerekeza ndi 47. Izi n'zosadabwitsa kwa aliyense amene analimapo, pakuti munda umene wangozulidwa udzu osabzalamo kanthu umameranso udzu womwewo. Ndipo woleka mowa amene sanapeze kokhala Loweruka madzulo miyendo yake idzamutengera yokha kumene inazolowera.

Wina angati anthu a ku Scranton ndi a ku Sweden sadziwa njala ya Febuluwale, ndipo akunena zoona. Ziwerengero zimenezi sizinatengedwe ku Ntchisi kapena ku Phalombe, ndipo sindifuna kuzisenzetsa katundu woposa mphamvu yake. Komabe mtima wa munthu ndi umodzi pansi pa thambo, ndipo kusiyana kwa kulakalaka ndi kutsimikiza tonse timakudziwa.

Za munthu wogwa chaka ndi chaka, amene otsutsa anati amatsikiratsikira, ovomereza amatchula Samuel Johnson wa ku London. Munthu ameneyu, monga mapemphero ake olembedwa pamanja amene anasindikizidwa mu 1785 iye atamwalira akuonetsera, anakhala zaka makumimakumi akulonjeza pa Nyuwere, pa Pasaka ndi pa tsiku lake lobadwa kuti adzayamba kudzuka m'mamawa ndi kuleka ulesi, ndipo chaka chilichonse ankadzipeza atagonanso kufikira dzuwa litakwera, nadziimba mlandu ndi chisoni chachikulu. Otsutsa akamva izi amaomba m'manja, nati ndi umboni wawo. Komatu waulesi ameneyu ndiye anatulutsa mu 1755 dikishonale yaikulu ya Chingerezi, ntchito imene inamutengera zaka ngati zisanu ndi zinayi ndi alembi owerengeka chabe omuthandiza. Kodi tinganene motsimikiza kuti kulimbana kwake kosatha ndi ulesi kunapita pachabe, kapena ndiko kunamuletsa kumira? Benjamin Franklin naye, amene anadzilembera makhalidwe 13 m'kabuku, nayang'anira limodzi sabata iliyonse ndi kuika kadontho pa cholakwa chilichonse, anavomera atakalamba kuti khalidwe la dongosolo linamukanika ndithu, koma anaona kuti kuyesako kunamusandutsa munthu wabwinopo kuposa amene akanakhala. Ndipo kafukufuku yemwe uja wa Lally, amene otsutsa anamutenga ngati chibonga chawo, anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga chizolowezi chimene chikumera. Makolo athu ananena kale zimenezi m'mawu anayi okha: tsiku limodzi siliwoza mbewa. Chimene chimapha lonjezo si kugwa kwa pa 10 Januwale, koma maganizo akuti popeza ndagwa, ndidikire Nyuwere ina.

Nditamva mbali zonse ziwiri, ndikuona kuti anthuwa akukangana pa mbuzi imene aliyense waigwira mwendo wosiyana. Otsutsa sanagonjetse kudziikira zolinga; chimene agonjetsa ndi lonjezo la mtundu wina, lija lobadwa pakati pa usiku mtima uli m'mwamba, lochuluka ngati mchenga, lopanda mtengo wowerengedwa, ndiponso lopanda mboni. Pa mfundo yotsirizayi ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa ndi pamene mwambo wachilendowu unataya kanthu polowa m'dziko lathu, ndiponso pamene ife tili ndi chuma chimene eni mwambowo akuchifunafuna.

Kwathu kuno chinthu chachikulu sichichitika m'mtima mwa munthu mmodzi. Ukwati umamangidwa pamaso pa ankhoswe, malire a munda amaikidwa pamaso pa nyakwawa, ngongole yaikulu imaperekedwa pali wachitatu woona. Ndipo chifukwa chake si chakuti anthu onse ndi akuba, koma chakuti makolo anadziwa kuti mtima wa munthu uli ngati madzi a m'mbale, amene amapendekera kumene mbaleyo yapendekera. Nanga bwanji lonjezo losintha moyo wonse timalinong'oneza kwa ife tokha mumdima, popanda wina wodzatifunsa? Ngakhale kumaiko kumene mwambowu unachokera, akale sankauchita paokha. John Wesley anasonkhanitsa anthu ake mu London mu 1755 kuti akonzenso pangano lawo ndi Mulungu onse pamodzi, ndipo pambuyo pake mapemphero amenewo anakhazikika kumayambiriro a chaka; koma chimene chinkasunga panganolo sichinali usiku umodziwo, chinali timagulu tating'ono timene tinkakumana sabata ndi sabata, mmene aliyense ankafunsidwa za mayendedwe ake. Jonathan Edwards wa ku America, amene analemba zotsimikiza mtima 70 m'zaka za 1722 ndi 1723 ali mnyamata, anadzilamula kuti aziziwerenganso kamodzi pa sabata, podziwa kuti cholembedwa n'kutsekeredwa m'bokosi chimafa ngati kabuku kanga kaja.

Koma chitsanzo choposa zonsezi chili pakhonde pathu pomwe. Taonani amayi a banki mkhonde. Njira imeneyi, imene bungwe la CARE linaiyambitsa ku Niger mu 1991 ndipo lero yafika m'midzi ndi m'matauni a dziko lino, si china koma lonjezo la pa chaka lovekedwa zovala za kwathu. Mayi amanena pamaso pa anzake kuti adzaponya masheya sabata iliyonse. Tsiku lokumana ndi lodziwika. Wochedwa ndi wojomba amalipa chindapusa. Zonse zimalembedwa m'buku. Ndipo kumene amatsata dongosolo lake lenileni, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ake nasungidwa ndi anthu atatu osiyana, kotero kuti ngakhale mwini ndalama atagwidwa ndi chilakolako cha chitenje chatsopano pakati pa chaka, sangathe kudzibera yekha. Pofika tsiku logawana, amene sakanatha kusunga ndalama pansi pa mphasa ngakhale sabata imodzi amanyamula za feteleza, za fizi, kapena za mbuzi. Sindikunena kuti mabanki amenewa alibe misozi yake. Tamva za osunga bokosi othawa, ndi za mabanja olandidwa ziwiya chifukwa cha ngongole yosabwezedwa, ndipo otsutsa ali ndi ufulu wotchula zimenezo. Koma mayi yemweyo, mtima womwewo, umphawi womwewo, payekha amalephera ndipo pagulu amakwanitsa. Chasintha ndi maso a anzake ndi maloko atatu aja. Mutu umodzi susenza denga.

Za nyengo, ndikuwapatsa otsutsa chigamulo chawo mosanyinyirika. Lonjezo lokhudza chuma, kwa munthu wodalira munda, siliyenera kubadwa mu Januwale. Nthawi yake ndi Meyi kapena Juni, chimanga chitalowa m'nkhokwe, fodya kapena soya atagulitsidwa, pamene munthu akhoza kuwerenga matumba ndi manja ake nanena kuti awa ndi a chakudya, awa ndi a fizi, awa ndi a feteleza, awa sindiwakhudza ngakhale ogula adze ndi sikelo pakhomo. Pakuti njala ya Febuluwale kawirikawiri imabadwa mu Juni, pamene chimanga chili chotchipa, ndalama zili m'manja, ndipo mtima ukunena kuti zokolola sizidzatha. Ngakhale boma lathu siliyamba chaka chake cha ndalama pa 1 Januwale, koma pa 1 Epulo, ndipo sukulu zimayamba chaka chawo mu Seputembala. Nanga mlimi yekha ndiye akakamizidwe kutsata Janus? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo munthu amalinganiza bwino chimene chili m'manja mwake kuposa chimene chikali m'mitambo.

Koma sindingawapatse zonse. Pali malonjezo ena amene safuna thumba, ndipo amenewa Nyuwere imawayenera ndithu, chifukwa ndi tsiku limene abale amakhala pamodzi, a kutauni atabwera kumudzi, a ku Johannesburg atatsika basi ndi katundu wawo, mitima itafewa pokumbukira amene anayamba nawo chaka koma sanachitsirize. Kukapepesa mbale amene simunalankhulane naye chiyambire maliro a mayi anu, kuleka kukweza dzanja pa mkazi, kukayezetsa magazi, kukhala pansi ndi mwana madzulo ndi kumufunsa zimene waphunzira: izi sizidikira masika, ndipo namondwe kapena kugwa kwa kwacha sikungazikokolole. Tsiku loikidwa ndi anthu likhoza kukhala lopanda mphamvu mwa ilo lokha, monganso mwala wa m'malire uli mwala chabe. Koma anthu akagwirizana kuti malire ali apa, mwalawo umaletsa ndewu. Munthu amafuna pena poti aimepo nanena kuti zakale zathera pano, ndipo ngati dziko lonse lamupatsa tsiku lotero kwaulere, sindiona chifukwa cholikanira.

Patsala munthu mmodzi amene mbali zonse ziwiri zamulephera, ndipo sindifuna kumubisa kuti mlandu uoneke ngati watha bwino. Ndiye uja amene nkhokwe yake ilibe kanthu mu Januwale ndi mu Juni momwe, amene alibe sheya yoti aponye, amene munda wake ndi wochepa kotero kuti ngakhale mvula igwe bwino chotani zokolola sizimufikitsa Okutobala. Ovomereza akamuuza kuti adziikire zolinga, amakhala ngati akumunena kuti umphawi wake ndi ulesi wa maganizo, chimene ndi chipongwe. Otsutsa akamuuza kuti asavutike n'kulinganiza, amakhala ngati akumuuza kuti moyo wake uli m'manja mwa ena mpaka kalekale, chimenenso ndi chipongwe. Mlandu wake si wa pabwalo lino. Ndi wa kwa iwo amene analemba Masomphenya a 2020, ndi amene anakhazikitsa Malawi 2063 mu Januwale 2021, pakuti maiko nawonso amachita malonjezo a pa Nyuwere, ndipo nawonso amasowa wowafunsa sabata ndi sabata.

Ine chaka chino ndidzapita ku mapemphero ochezera monga mwa masiku onse, ndipo belu likadzalira ndidzayamika, osalumbira kanthu. M'mawa mwake ndidzapita kwa malume ndi chinthu chimodzi chokha, chimene ndachisankha kale, ndipo ndidzawapempha kuti azindifunsa za icho Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, pamaso pa mayi a kunyumba kwanga, amene sadziwa kubisa nkhope munthu akamanama. Za malata ndi za fizi tidzakhalira pansi mu Juni, matumba atasokedwa. Malume ndawauza kale za pempho langali, ndipo anayankha kuti avomera, pokhapokha ndidziwiretu kuti Lamulungu limene ndidzayankhe mozemba, nkhuku ya chindapusa adzasankha okha m'khola.